Muphwa wa Kavuluvulu

Amayi anga, kumene muliko kwacha bwanji? Kodi muli bwino?

Ndine Lameki. Ndikulemba ndili pakhonde panu, pa mpando uja wa mwendo umodzi waufupi umene munkati tidzakonza mawa. Sunakonzedwebe. Ndili ndi funso limene likundiyabwa pakhosi, koma munatiphunzitsa kuti mlendo samufunsa nkhani asanamwe madzi, ndiye ndiyambe ndi za pakhomo.

Mkazi wanga Esinati anachira bwino nthawi yokolola. Anabereka mwana wamkazi, mphuno yanu yeniyeni, ndipo tamutcha dzina lanu, Elina. Akayamba kulira, Atate amati, "Mwamva? Wayamba kale kutilamula." Chimanga chinachita bwino, kungoti njovu zinalowa m'munda wa kumtsinje n'kudya mzere wonse wa m'mphepete, ndiye nkhokwe yafika m'khosi, osati pakamwa. Mwendo wa Atate ukuvutabe. Mankhwala a kuchipatala amawabisa padenga, akuti amanunkha palafini. Mtsuko wanu waukulu unasweka. Wouswa sanadziwike, koma Esinati akamva nkhaniyi amayamba kufunafuna kanthu pansi.

Satifiketi ya kusukulu ija ndinabwera nayo. Ndinafika maliro anu atapita kale, chifukwa madzi anali atadula msewu wa ku Lundazi, ndipo ndinapita nayo kumanda kuti muione. Manje ili m'sutikesi, ine ndikuphunzitsa ana kuwerenga pa sukulu ya kuno ku Tembwe, podikira. Mukudziwa kuti kudikira ine sindikudziwa. Munkati ndinabadwa azamba asanasambe m'manja.

Kodi mukuikumbuka wailesi ya m'sitolo ya a Mtonga pa Chama, ija yooneka ngati sefuliya? Ikadalipo. Nkhani za boma la Chitaganya zikayamba anthu amalavula n'kumwazikana, koma Loweruka masana, mpira wa ku Migodi ukayamba, khonde limadzaza mpaka pansi pa mango. Mawu ake ndi omwe aja, a Yotamu Ng'uni, amene dziko lonse limawatcha Kavuluvulu. Akhala akuulutsa mpira chiyambire wailesi kulankhula Chinyanja, imvi zawapeza pa mpando womwewo. Inu simunkadziwa n'komwe kuti mpira amasewera anthu angati, koma mchere wa m'nyumba mwathu unkatha Loweruka lokhalokha. Munkaima pakona ya khonde, kathumba ka mchere kali m'manja, n'kumati, "Munthu wa m'sefuliyayu sapuma? Adzatsamwa." Ine ndinkaseka. Masiku ano ndikakumbukira kuima kwanu kuja, ndimangogwira chibwano.

Ntchito imeneyo ndiyo ndimafuna, Amayi. Kusukulu anzanga ankalota za ukalaliki wa kuboma, ine ndinkapita kuseri kwa nyumba yogona n'kumaulutsa mpira wosaoneka, mitengo ikumvetsera. Ndinalembera ku nyumba ya wailesi ku Lusaka, ndinalembanso, yankho zii. Ndiye ndinamva kuti anyamata awiri amene amathandiza a Kavuluvulu onse ndi ana a alongo awo. Mmodzi wa iwo akamaulutsa, chigoli chimalowa, anthu m'bwalo n'kukuwa, n'kukhala pansi, iye akadali kutiuza kuti mpira uli pakati.

Magazi anawira. Tsiku lina ndinaima pakhonde la a Mtonga n'kulalikira ngati m'busa. Ndinati wailesi yasanduka dimba la asibweni, lolima muphwa yekha, mwana wa mlongo. Ndinati dziko silingapite patsogolo ngati pa khomo lililonse mlonda amafunsa chiwongo m'malo mofunsa zimene munthu akudziwa. Ndinati ife amene taphunzira tidzazula zimenezi ndi mizu yomwe. Mukanakhalapo mukanandikoka malaya n'kunena mawu anu aja akuti osatukwana mwini bwato usanawoloke. A Mtonga anangopukuta pa kauntala n'kunena kuti, "Aphunzitsi, mawu amenewa ndikusungirani. Sawola." Anasungadi.

Mwezi watha a Kavuluvulu anabwera kwawo ku Chikwa patchuthi, patapita zaka zambirimbiri. Mbiri inafika iwo asanatsike m'lole, yakuti azungu awauza kuti apeze mnyamata woti amuphunzitse, poti mawu awo ayamba kusasa. Malo ake amodzi okha. Ndipo woti aikepo anali naye kale, Jailosi, mwana wa mlongo wawo wotsiriza.

Ndinkaganiza kuti ndidzaona chimphona. Amayi, ndi munthu wondifika paphewa, wa jekete la mizeremizere ndi chipewa chotsikira m'makutu. Koma ndikuuziranji? Inu mukudziwa kale msinkhu wawo, si choncho?

Loweruka limenelo Tembwe inkasewera ndi Chikwa pa bwalo la pa Chama. A Kavuluvulu anabwera ndi lipenga la malata, longa fanulo yaikulu, lolankhuliramo kuti mawu afike patali. Anakwera pa chulu cha m'mbali mwa bwalo n'kuyamba okha. "Wautenga Botha! Botha wa miyendo ya nswala! Akupita, akupita, amake kumudzi gwirani mtondo ungagwe! Wapatsa Lungu, Lungu wayang'ana kumwamba ngati akufunsa mvula, waponya, aaa, mpira wapita kukapereka moni kwa azilamu ake!" Azimayi nthungululu, azibambo misozi ndi kuseka. Ine ndinaiwala kuti ndinabwera nditakwiya. Chinthu chimene ndinkachimva m'sefuliya chinali chikutuluka m'chifuwa cha kamunthu, mitsempha ya m'khosi itaima ngati zingwe.

Kenaka anapatsa Jailosi lipenga lija. Jailosi anati, "Wamenya. Wamenyanso. Aa, wagwa." Wina pansi anakuwa, "Wagwa ndani, iwe? Tchula munthu! Kapena wagwa ndiwe?" Mnyamata thukuta kamukamu. Ndinamumvera chisoni, koma pang'ono pokha.

Pa nthawi yopuma tinakwera chulu anthu awiri. Woyamba anali a Tenisoni Mvula, mphunzitsi wa ku Chikwa, amene wakhala akuulutsa mipira ya ana asukulu ndi manja okha atawakunga pakamwa. Anagwada bwinobwino n'kupempha kuti ayeseko.

"Ndiwe mwana wa yani?" anafunsa a Kavuluvulu.

"Mvula, bambo."

"Nanga mayi wako ndi nya yani?"

"NyaLungu."

"Yewo, Mvula. Koma lipenga si chikho cha mowa choti chizizungulira bwalo lonse. Kakhale pansi."

Mvula anatsika. Ine ndinali nditakonza mawu anga kuyambira kunyumba, za satifiketi, za Chingerezi, za dziko latsopano. Ndisanatsegule n'komwe pakamwa, anatembenukira kwa ine.

"Nanga iwe wa nsapato, ndiwe mwana wa yani?"

"Zimba, bambo. Ine ndinamaliza…"

"Mayi wako?"

"NyaNg'uni."

"NyaNg'uni uti? Ang'uni tachuluka ngati mpheta za mumpunga."

"Elina, wa ku Chikwa, amene anakwatiwa ku Tembwe."

Amayi, munthu amene sapuma uja anapuma. Anandiyang'ana pamphuno, osati m'maso, pamphuno.

"Ali bwanji?"

"Anatisiya dzinja lapitali."

Anavula chipewa, n'kuyang'ana m'kati mwake ngati mwagwera kanthu, n'kuvalanso. Wezulo inalira kuti mpira uyambe. Anandikankhira lipenga pachifuwa.

"Gwira. Ukatsamwa ndikulanda."

Mpira umathamanga kuposa lilime, ndinaziona tsiku limenelo. Mawu onse okongola amene ndinkawakonza kuseri kwa nyumba yogona anathawa. Mukudziwa amene anabwera? Anu. Mawu aja munkakuwa pa nsanja ya kumunda pothamangitsa anyani. Wapagolo wa Chikwa atatuluka kuthamangira mpira, ndinangomva pakamwa panga pakuti, "Wasiya nkhokwe yosatseka, anyani ali pa mpanda!" Wina ataphonya golo ili yasa, ndinati wathira mchere mu Luangwa. Anthu anayamba kutembenuka, kusiya mpira n'kumayang'ana pa chulu. Chigoli cha Tembwe chitalowa ndinakuwa mpaka malata ananjenjemera m'mano. Sanandilande.

Mpira utatha anatenga lipenga lawo, n'kundigwira dzanja, n'kulikweza. "Mwamumva? Uyu ndi muphwa wanga! Mwana wa mlongo wanga NyaNg'uni! Ndikupita naye ku Lusaka!"

Chimwemwe changa chinakhala kanthawi kochepa ngati mame. Pansi pa chulu panamveka mawu a a Mtonga. "Aphunzitsi! Dimba la asibweni lakoma, eti? Maungu akapsa mutitumizireko!" Bwalo lonse linagwa nako kuseka, mpaka osewera a Chikwa amene anali atangogonja.

Manje funso langa likuyandikira. Pakhomo pano sitinamvepo kuti muli ndi mlongo ku wailesi. Mukanakhala naye, si bwenzi mutatiuza? Ndinapita kwa Atate, ndinawapeza akusema mpini.

"Yotamu si mbale wa amako," anatero osadzutsa mutu. "Mwina agogo a agogo awo anamwerapo chitsime chimodzi."

"Nanga bwanji anavula chipewa?"

"Kafunse Tamara. Ine mwendo ukuwawa."

Ndinapalasa njinga mpaka ku Chikwa kwa mng'ono wanu. Amayi aang'ono a Tamara anaseka mpaka kutsokomola, kenaka anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje n'kundiuza. Akuti Yotamu ali mnyamata ndiye ankatsogolera mganda wa m'mudzi mwanu, ndipo akamaliza kuliza lipenga lake la chipanda ankaima moyang'ana kumene mwaima inu. Akuti anatumiza thenga kwa agogo kudzakufunsirani ukwati. Akulu anakhala pansi, anafufuza mibadwo, sanapeze pamene magazi anu anakumana. Koma anati dzina lakwana, Ng'uni sakwatira NyaNg'uni, ameneyo ndi mlongo wako. Yotamu ananyamuka kupita ku Migodi chilimwe chomwecho.

"Nanga Amayi anati chiyani?"

"Amako? Anapita kukatunga madzi. Anabwera dzuwa litapendeka, mtsuko uli gwa, wouma."

Kodi n'zoona, Amayi? Sindikufunsa mokuimbani mlandu, ndikungofuna kudziwa. Munkamva chiyani pakona ya khonde paja? Munkamva mpira, kapena munkamva mganda? Tsiku limene munazindikira koyamba mawu aja akutuluka m'sefuliya, munagwira chiyani kuti musagwe? Ndipo pali china chimene chandibwerera pobwerera pa njinga. Loweruka m'mawa, amene ankayamba kunena za mchere sanali inu. Anali Atate. "NyaNg'uni, mchere ukuoneka ngati watha." Ndakhala ndikuwayang'ana akulu amenewa masiku ano ngati munthu amene ndangokumana naye. Anthu inu munali ndi nkhani zambiri m'nyumba yaing'ono chonchi, ife n'kumangoona ngati mumakambirana za nkhuku.

Sindinathe kupirira, ndinapita kumene a Kavuluvulu ankagona. Mayi ake a Jailosi, amene ndi mlongo wawo weniweni wa bere limodzi, sanandiyankhe moni. Anangouza nkhuku zawo mokweza kuti muphwa wa dzulo wadya gawo la muphwa woyamwa. A Kavuluvulu ndinawapeza kuseri, akumwa madzi ofunda a uchi, akuti ndiwo mafuta a pakhosi.

"Bambo, ndabwera kudzafunsa chinthu chimodzi."

"Bambo ndani? Nena asibweni."

"Asibweni. Mwanditenga chifukwa cha mawu anga, kapena chifukwa cha Amayi?"

"Lipenga ndinakupatsa chifukwa cha amako. Kusakulanda, n'chifukwa cha iwe."

"Nanga ndikanakhala Mvula?"

"Ukanaonerera mpira uli pansi, ngati Mvula."

"Ndiye si chilungamo chimenecho."

"Wati ndani kuti n'chilungamo? Ukuona ngati kusukulu kokha ndiye amadziwa mawu amenewo?" Anamwa uchi wawo. "Tamvera, wa nsapato. Muphwa ndimamutukwana lero, mawa amabweranso kuntchito. Mlendo ukamutukwana amakakunenera kwa mzungu. Ndikadzadwala ku Lusaka, Mvula adzandiphikira phala? Akadzakhala pa mpando wanga, adzakumbuka kuti unali wa yani? Ndinaukhoma ndekha mpando umenewo, anthu akuti wakuda sangathe kulankhula mothamanga chotero."

"Koma muphwa wanu wina uja amachedwa ndi chigoli."

"Ndikudziwa. Ndimamva ine ndisanamve iwe. Koma amake ndingawauze chiyani?" Kenaka anati, "Chiwongo chimenechi chinanditsekera chitseko ndili mnyamata. Chisiye chitsegulireko wina."

Potsanzikana anandipatsa lipenga kuti ndizizolowera.

Loweruka lotsatira ana a sukulu ziwiri ankasewera pa bwalo lomwe lija, ndipo ndinaona a Kavuluvulu atakhala pakhonde la a Mtonga, pamene mawu a pa chulu amafika bwino. Ndinatenga lipenga n'kukampatsa Mvula. Ndinkadziona ngati munthu wamkulu kwambiri, Amayi, wokonza dziko. Ndipo ndikuuzeni zoona, mumtima ndinkayembekeza kuti achita bwino pang'ono, osati kwambiri.

Anachita bwino kwambiri. Sathamanga ngati ine, nthabwala zake n'zochepa, koma ine ndimanena kumene mpira uli, iye amanena kumene ukupita. Anati, "Yang'anani kumanzere, kamwana ako kaiwalika," ndipo mpira unapitadi komweko ngati wamva. A Kavuluvulu anali ataphimba nkhope ndi chipewa ngati agona, koma phazi linkagunda pansi.

Ndinapita kukaima patsogolo pawo. "Asibweni, mwamumva?"

"Mnzako ali ndi maso."

"Ndiye titengeni tonse awiri."

Anakweza chipewa ndi chala chimodzi. "Mpando ndi umodzi. Iwe ndiwe unalalikira pakhonde pano, Mtonga wandiuza zonse. Ukufuna nditenge iyeyo? Nena manje, pamaso pa anthu awa, ndimutenga."

A Mtonga anasiya kuyeza mchere. Ndipo pakamwa panga, paja munkati sipatsekeka ngakhale ndili m'tulo, panatsekeka. Ndinaganiza za sutikesi, za choko cha ku Tembwe, za zaka zimene ndingakhale ndikudikira yankho losabwera. Ndinayang'ana fumbi la pa nsapato zanga. Sindikudziwa ngati akanamutengadi, ndipo sindidzadziwa, chifukwa sindinanene.

"Lole inyamuka mvula isanatseke msewu," anatero a Kavuluvulu, n'kubweza chipewa kumaso. "Utenge jekete, ku Lusaka kumazizira."

Palibe amene anaseka ulendo uno, ndipo kusaseka kumeneko kunawawa kuposa maungu a a Mtonga. Mvula anatsika pa chulu n'kudzandibwezera lipenga. Ndinamuuza kuti likhale lake. Analitembenuza m'manja, n'kunena kuti, "Pita, Zimba. Ine ndikanakhala iwe ndikanakhalanso chete. Koma ukafika usakaiwale kuti tilipo ena amene amayi athu anabadwa ndi dzina lolakwika."

Ndiye ndikupita, Amayi. Ndikulowera pa khomo lomwe lija ndinkati ndidzaligwetsa, ndipo kiyi wake ndinu, inu amene simunalembepo dzina lanu papepala. Mukanakhalapo mukanati chiyani? Mukanandiuza kuti ndikane? Kapena mukanandimangira kamba wa paulendo n'kundipatsira uthenga woti ndikanene kwa mwini lipenga? Ndayesa kukumvani mbali zonse ziwiri, koma chimene chikubwera ndi chija munkauza Atate pa doko tikamachokera ku Chikwa, akafuna kukokera bwato pa mchenga: ukawoloka, bwato libweze, kutsidya kuli anthu.

Esinati wandisokera thumba la jekete. Atate andipatsa mpeni wawo wopinda, ndipo anati ndikapereke moni kwa Yotamu, ndikamuuze kuti pakhomo pano mchere sunkasowa. Sindinafunse tanthauzo lake. Ndayamba kuphunzira.

Ndikulonjezani ziwiri. Dzina la Mvula ndidzalitchula m'makutu a asibweni ndi a azungu awo mpaka atatopa nane, ndipo kutopetsa anthu mukudziwa kuti ndimatha. Ndipo tsiku limene mnyamata adzakwere chulu kudzandipempha lipenga, ndidzayamba ndamupatsa. Dzina la amake ndidzamufunsa akamaliza kulankhula.

Ngati kumeneko mchere umathanso Loweruka, kaimeni pakona paja mumvetsere. Mudzamva mawu awiri m'sefuliya, ena osasa, ena othamanga mopitirira. Musadandaule, sindidzatsamwa.

Ine mwana wanu wokukondani,
Lameki Zimba, wobadwa kwa NyaNg'uni